Nambala Imodzi, Mawailesi Ambiri

Anthu amene adakhalapo ku Sunnyside mumzinda wa Blantyre m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 amakumbukira bwino mmene usiku unkakhalira kumeneko. Mdima ukangogwa, magalimoto atachepa pamsewu wopita ku Chikwawa, alonda ankasonkha moto pafupi ndi zipata za mabwana awo, aliyense kawailesi kake ka Nzeru kali pambali. Ankamvera nkhani, nyimbo ndi mauthenga a maliro pa wailesi ya MBC, imene ku Blantyre inkamveka pa nambala ya 756. Koma mlonda wachidwi akangopotokola pang'ono kotcherera wailesi, ankakumana ndi zodabwitsa. Malo amene masana padali zii tsopano padali podzaza ndi mawu: apa Chipwitikizi, apo Chiswahili, uko Chingerezi cha ku Joni. Nthawi zina mawu awiri ankamveka pamalo amodzi, ena akukwera ena akutsika, monga anthu awiri olimbirana mpando. Pofika m'mawa alendo onsewo adali atapita. Kodi alendowa ankachokera kuti, ndipo adawaloleza ndani kulowa m'kawailesi ka mlonda? Yankho la funso limeneli ndi mbiri ya mmene maiko adaphunzirira kugawana mlengalenga.

Poyamba ndi bwino kumvetsa tanthauzo la nambala imene imalembedwa pankhope pa wailesi. Mawu a muulutsi amanyamulidwa ndi mafunde osaoneka amene amachokera pamlongoti wa nyumba youlutsira mawu. Mafundewo amagunda mofulumira kwambiri, ndipo nambala ija imanena kuti akugunda kangati pasekondi imodzi. Motero 756 kHz itanthauza kugunda ka 756,000 pasekondi. Kale aulutsi ankakonda kutchula utali wa funde m'malo mwa kugunda kwake, n'chifukwa chake achikulire amanenabe za mamita: funde la 756 kHz ndi lotalika mamita pafupifupi 397. Njira yakale yokwezera mawu pamafunde otere imatchedwa AM, ndipo chigawo cha manambala chimene mawailesi ambiri a AM adakhazikikapo chimatchedwa medium wave. Mu Africa, ku Ulaya ndi ku Asia chigawochi chimayambira pa 531 kulekeza pa 1602 kHz, ndipo pakati pa nambala ndi inzake pamasiyidwa mpata wa 9 kHz. Wodziwa masamu akawerengera apeza kuti malo onse alipo 120 basi. Malo 120 amenewa ndiwo adayenera kukwanira mawailesi masauzande a m'maiko oposa 100. Apa mpamene padagona vuto: munda udali waung'ono, olima adali ambiri.

Vutoli silidachedwe kuonekera. Kuulutsa mawu kwa anthu onse kudayamba kufala m'chaka cha 1920 pamene wailesi ya KDKA idatsegulidwa mumzinda wa Pittsburgh ku America, ndipo BBC idatsatira ku London mu 1922. M'zaka zochepa mawailesi adaphuka ngati bowa wa m'dzinja. Aliyense ankasankha nambala imene waikonda, ndipo akaona kuti mnzake akumuphimba ankawonjezera mphamvu ya makina ake. Mnzakeyo nayenso ankachita chimodzimodzi. Zotsatira zake zidali phokoso lokhalokha, ndipo wovutika adali womvera. Maiko a ku Ulaya, amene ndi ang'onoang'ono ndi othithikana, ndiwo adayamba kukhala pansi. Adagawana manambala ku Geneva mu 1926, ku Prague mu 1929, ku Lucerne mu 1933 ndiponso ku Copenhagen mu 1948. Kuchuluka kwa misonkhanoyi kukusonyeza kuti mgwirizano uliwonse unkatha ntchito msanga, pakuti mawailesi ankangochulukirachulukira, ndipo maiko ena ankakana kusainira kapena kuswa dala zimene adagwirizana.

Chimene chidakulitsa mkanganowu ndi khalidwe la mafundewo, limene limasiyana masana ndi usiku. Masana mafunde a medium wave amayenda motsata nthaka, ndipo amafooka akayenda makilomita makumi angapo kapena mazana owerengeka, malinga ndi mphamvu ya makina ndi mtundu wa dothi. Mafunde amene alunjika kumwamba amamezedwa ndi mpweya wina wa m'mwamba kwambiri umene dzuwa limautakasa. Dzuwa likalowa, mpweya womeza uja umazilala, ndipo mafunde amakafika pamwamba penipeni pamene amanjanja n'kubwerera pansi, n'kukatera kutali, makilomita mazana ambiri mwinanso masauzande. Denga losaonekali akatswiri amalitcha ionosphere. Arthur Kennelly wa ku America ndi Oliver Heaviside wa ku Britain adaganizira za kukhalapo kwake mu 1902, patangopita nthawi yochepa Guglielmo Marconi atatumiza chizindikiro cha wailesi kuwoloka nyanja ya Atlantic mu Disembala 1901, ndipo Edward Appleton adatsimikiza zimenezi mu 1924. Denga limeneli ndilo linkabweretsa alendo aja kwa mlonda wa ku Sunnyside. Lidali dalitso, chifukwa wailesi imodzi inkamveka kutali; lidalinso tsoka, chifukwa mawailesi awiri amene masana sankadziwana, usiku ankapondana. Akuluakulu adati walira mvula walira matope.

Pamene azungu ankakangana chotero, anthu a ku Nyasaland adali asadakhale ndi wailesi yawoyawo. Mawu oyamba a Chinyanja pa wailesi ankachokera ku Lusaka, kumene boma la Northern Rhodesia lidayamba kuulutsa mu 1941 pofuna kudziwitsa anthu za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Nkhondo itatha, wailesi ya ku Lusaka idapatsidwa udindo woulutsira anthu akuda a m'maiko atatu a Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, pomwe ya ku Salisbury inkaulutsira azungu. Mkulu wa zofalitsa nkhani ku Lusaka, Harry Franklin, adapempha kampani ya Ever Ready ku Britain kuti ipange wailesi yotsika mtengo yoyendera batire. Wailesiyo idatuluka mu 1949, ndipo poti chikombole chake chidali ngati sefuliya, idatchuka ndi dzina loti Saucepan Special. Mtengo wake udali mapaundi 5. Kupyolera m'masefuliya olankhulawa anthu a kuno adamva nyimbo za Alick Nkhata ndi anzake. Mu 1958, nthawi ya chitaganya, mawailesi onse adaikidwa pansi pa bungwe limodzi la Federal Broadcasting Corporation. Chitaganya chitatha kumapeto kwa 1963, Malawi Broadcasting Corporation idabadwa mu 1964, chaka chomwecho chimene dziko lidalandira ufulu, ndipo likulu lake lidakhala ku Chichiri.

Dziko latsopano lidafunika malo ake mumlengalenga monga momwe lidafunikira mbendera yake. Maiko ambiri a mu Africa adalandira ufulu m'zaka zomwezo, ndipo adapeza kuti misonkhano yakale ija idagawa manambala iwo kulibe. Bungwe loyang'anira zamtokoma padziko lonse la International Telecommunication Union, limene lidakhazikitsidwa ku Paris mu 1865 ndipo likulu lake lili ku Geneva, lidaitanitsa msonkhano wa maiko a mu Africa mu 1966. Koma popeza mafunde a usiku sadziwa nyanja kapena chipululu, padafunika msonkhano wokulirapo. Uwu udachitikira ku Geneva m'zigawo ziwiri, mu 1974 ndi mu 1975, ndipo udasonkhanitsa maiko a mu Africa, a ku Ulaya, a ku Asia ndi a kuzilumba za nyanja ya Pacific. Kumeneko kudagwirizanidwa kuti nambala iliyonse ya medium wave m'maikowa izigawika ndi 9 popanda chotsala. Chifukwa chake chidali chomveka: mawailesi awiri akasiyana pang'ono chabe, mwachitsanzo ndi 1 kHz, womvera amamva likhweru losalekeza lolasa m'khutu, pomwe akakhala pa nambala yofanana ndendende likhwerulo limazimirira. Mlongoti uliwonse udalembedwa m'kaundula pamodzi ndi malo ake, nambala yake ndi mphamvu imene sudayenera kupitirira. Dongosolo limeneli lidayamba kugwira ntchito pa 23 Novembala 1978, ndipo usiku umenewo mawailesi ambiri adasamuka nthawi imodzi. Maiko a ku America sadali nawo mumgwirizanowu; iwo amasiya mpata wa 10 kHz.

Zipatso za msonkhano wa ku Geneva zidaoneka pa manambala amene MBC idagwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. Blantyre idali pa 756, ndipo makina ake adali ku Ngumbe, cha ku Chileka. Lilongwe idali pa 594, Mangochi pa 540, Karonga pa 558, Ekwendeni pa 675, Bangula pa 810, Nkhotakota pa 1107 ndipo Chitipa pa 1404. Wophunzira akatenga cholembera apeza kuti 756 ndi 9 kuchulukitsa ka 84, 594 ndi 9 kuchulukitsa ka 66, ndipo manambala otsalawo nawonso amagawika chimodzimodzi. Wina angafunse chifukwa chimene wailesi imodzi, youlutsa pologalamu imodzi, idafunira manambala ambiri chotere. Yankho ndi lakuti Malawi ndi dziko lalitali ndi lamapiri, kotero mlongoti umodzi sukadakwanira kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Ndipo milongoti yoyandikana ikakhala pa nambala imodzi popanda kugwirizanitsidwa mosamala, anthu okhala pakati pake amamva mawu ophwanyikaphwanyika. Madera amene milongotiyi sinkafikako ankadalira shortwave, makamaka pa 3380 kHz, pamene aulutsi ankati pa mamita 90.

Chimene omvera ambiri sankadziwa n'chakuti palibe nambala ngakhale imodzi mwa amenewa imene idali ya Malawi yekha. Nambala ya 756, imene anthu a ku Sunnyside, Ndirande, Zingwangwa ndi Limbe ankaiona ngati yawo, idalinso kwawo kwa mawailesi ena ambiri. Ku Germany wailesi ya Deutschlandfunk inkaulutsa pa nambalayi kuchokera pa milongoti iwiri, wina pafupi ndi Braunschweig wina ku Ravensburg. Ku Romania wailesi ya boma inkaigwiritsa ntchito pafupi ndi mzinda wa Lugoj. Ku Britain BBC idali nayo ku Carlisle ndi ku Redruth, ndipo ku New Zealand wailesi ya boma idamveka pa nambala yomweyi mumzinda wa Auckland. Pa 594, pamene mlimi wa ku Mitundu ankamvera za mitengo ya fodya, anthu mamiliyoni ankamvera wailesi ya NHK ku Tokyo. Nambala ya 810 ndiyo yochititsa chidwi koposa. Bangula idagawana nambalayi ndi wailesi ya chigawo cha Gaza ku Xai-Xai m'dziko la Mozambique, ndi BBC Radio Scotland ya kwawo kwa David Livingstone, kumene kudachokera dzina loti Blantyre, ndiponso ndi WGY ya mumzinda wa Schenectady ku America, popeza 810 imagawika ndi 9 komanso ndi 10.

Nanga zidatheka bwanji kuti nkhunzi zambiri chotere zikhale m'khola limodzi osagundana? Njira zidalipo zitatu. Yoyamba idali mtunda. Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Auckland pali makilomita opitirira 12,000, ndipo pamene ku Sunnyside anthu akudya mgonero, ku Auckland kumakhala kukucha. Ogawa manambala ankaonetsetsa kuti mawailesi a nambala imodzi atalikirane, ndipo oyandikana apatsidwe manambala osiyana. N'chifukwa chake wailesi ya ku Nampula idali pa 765, khomo loyandikana ndi la Blantyre, ya ku Tete pa 963, ndipo ya ku Lichinga pa 1260. Njira yachiwiri idali malire a mphamvu: wailesi yotumikira boma limodzi kapena mzinda umodzi sinkaloledwa kukuwa ngati yotumikira dziko lonse. Njira yachitatu idali kulozetsa mafunde ndi kusunga nthawi. Akatswiri amatha kuimika milongoti iwiri kapena itatu mwa dongosolo lakuti mafunde apite mbali imodzi n'kupewa mbali ina. Mawailesi ena ankachepetsa mphamvu dzuwa likalowa, ndipo ku America ena ankatsekeratu madzulo kuti asasokoneze anzawo a nambala yomweyo.

Ngakhale padali malamulo otere, kugawanako sikudali kofanana. Maiko olemera adali ndi ndalama zomangira makina amphamvu zoopsa. Pa 540, nambala ya Mangochi, dziko la Hungary lidatsegula mu 1977 makina a makilowati 2,000 pamalo otchedwa Solt. Poyerekeza ndi amenewa, makina onse a medium wave a MBC adali ana akhanda. Chimene chinkateteza msodzi wa ku Makanjira kuti amve wailesi ya kwawo ndi mtunda ndi kaundula wa ku Geneva. Pachifukwa ichi mgwirizano uja udali wofunika kwa maiko osauka kuposa kwa olemera, pakuti popanda lamulo wamphamvu ndiye amamveka. Ndipo kumveka kwa wailesi sikudali nkhani ya chisangalalo chokha ayi. M'masiku amene lamya zidali m'maofesi ndi m'nyumba zowerengeka, uthenga wa maliro woulutsidwa pa MBC ndiwo unkadziwitsa munthu wogwira ntchito m'tauni kuti kumudzi kwagwa zovuta. Mawu achilendo akaphimba dzina la womwalirayo kwa masekondi ochepa, wachibale ankatha kuphonya maliro a mayi wake.

Padalinso maboma amene ankalowa dala pa nambala ya wina ndi cholinga chomutseka pakamwa. Ian Smith atalengeza ufulu wa azungu ku Rhodesia mu Novembala 1965, boma la Britain lidaimika makina ku Francistown m'dziko la Bechuanaland, limene tsopano ndi Botswana, kuti nkhani za BBC zizimveka mu Rhodesia. Boma la Smith lidayankha poulutsa phokoso pa manambala omwewo. Patapita zaka 40, mu 2005, wailesi ya SW Radio Africa, imene anthu a ku Zimbabwe ankayendetsa ali ku London, idasokonezedwa mwa njira yomweyo. Njira imeneyi ndi yodula ndipo sikwanira, chifukwa phokoso limagwira bwino m'mizinda momwe muli makina osokonezawo, koma kumidzi yakutali mawu amadutsabe.

Amalawi adaona okha kuti mlengalenga ulibe mpanda. Kwa zaka 30 MBC idali wailesi yokhayo m'dziko muno, ndipo inkalankhula zimene boma la chipani chimodzi linkafuna. Kuyambira mu 1968 inkaulutsa m'Chichewa ndi m'Chingerezi basi, Chitumbuka chitachotsedwa. Anthu adaikonda chifukwa cha masewero monga Kapalepale ndi Pamajiga, ndiponso mapologalamu monga Zokonda Amayi, koma nkhani zina sizinkamvekapo. Boma linkatha kuletsa buku kapena nyuzipepala pachipata cha Mwanza kapena pabwalo la ndege la Chileka, koma silikadatha kuimitsa mafunde a usiku. Wailesi ya ku Zambia inkamveka m'Chinyanja, ya ku South Africa yotchedwa Radio RSA, imene idasanduka Channel Africa mu 1992, idali ndi mapologalamu a Chichewa, ndipo BBC inkamveka pa shortwave. Maepiskopi a mpingo wa Katolika atatulutsa kalata yawo pa 8 Malichi 1992, ndiponso Chakufwa Chihana atamangidwa pa 6 Epulo chaka chomwecho, anthu ambiri adatsata nkhanizi pa mawailesi akunja, mawu atatsitsidwa ndi mawindo atatsekedwa. Referendamu idachitika pa 14 Juni 1993, chisankho pa 17 Meyi 1994, ndipo Dr Hastings Kamuzu Banda adavomera kugonja kudzera pa MBC yomweyo.

Kuyambira pamenepo mbiri idatembenuka. MBC idatsegula Radio 2 pa FM mu 1997. Lamulo la zofalitsa mauthenga la 1998 lidakhazikitsa bungwe la MACRA, limene lidapatsidwa udindo wopereka ziphaso ndi kugawa manambala m'dziko muno. Mawailesi oima paokha adayamba kubadwa: Power 101 mu 1998, Capital FM ndi Radio Maria mu 1999, Zodiak mu 2005, ndi ena ambiri a m'madera ndi a mipingo. Onsewa adasankha FM, chifukwa mawu ake ndi oyera, makina ake ndi otsika mtengo, ndipo mafunde ake kawirikawiri sapitirira kwambiri pamene maso angafike kuchokera pamwamba pa phiri. Kufupika kumeneku ndiko kumalola kuti nambala imodzi igwire ntchito ku Blantyre ndi ku Karonga popanda kusokonezana. Omvera adasamukira ku FM, ndipo pambuyo pake ku lamya za m'manja ndi intaneti. Kunja nakonso AM idayamba kutha mphamvu: Deutschlandfunk idazimitsa milongoti yake ya pa 756 pa 31 Disembala 2015, ndipo BBC idatseka wa ku Redruth mu 2024. Khola lija limene maiko adalimbirana kwa zaka zoposa 50 lidayamba kukhala ndi malo opanda mwini.

Komabe kungakhale kulakwa kuganiza kuti nkhaniyi idatha. Malo a FM nawonso ali ndi malire, kuyambira pa 87.5 mpaka pa 108 MHz, ndipo mumzinda ngati Blantyre mawailesi ndi othithikana. Lamya za m'manja, wailesi yakanema, ndege zotera ku Chileka ndi masetilaiti, zonsezi zimayendera mafunde, ndipo chilichonse chiyenera kupatsidwa malo ake. Mafunso amene nthumwi zidalimbana nawo ku Geneva mu 1975 ndi omwewo amene amafunsidwa lero: ndani apatsidwe malo, alankhule mokweza bwanji, ndipo wofooka atetezedwe motani?

Pomaliza, mbiri ya nambala ya 756 ikuphunzitsa kuti mlengalenga uli ngati dambo la mudzi, limene aliyense amadyetsako ziweto koma palibe amene anganene kuti ndi lake yekha. Dziko limabwereka nambala, siligula. Pamene maiko adayesa kupambana pokuwa, onse adagontha. Pamene adakhala pansi n'kulemba malire, Blantyre, Braunschweig ndi Auckland zidalankhula pa nambala imodzi kwa zaka zambiri, uliwonse mwa mizindayi ukumveka kwa anthu ake. Ndipo pamene boma lidayesa kukhala liwu lokhalo m'dziko, usiku udabweretsa mawu ena. Mlonda uja wa ku Sunnyside sadapiteko ku Geneva, ndipo mwina sadamvepo dzina la Appleton. Koma chala chake chikamayenda pang'onopang'ono kuchoka pa 756 kupita pa 765, kuchoka ku Chichewa kulowa m'Chipwitikizi, chinkadutsa malire amene nthumwi za maiko oposa 100 zidagwirizana.